Kakhadi ka pa Khola la Galu

Ntchito ya ku situdiyo ya mafilimu anandipezera ndi mwana wa anzathu a ku tchalitchi. Ndinali nditakhala chaka chathunthu m'nyumba ya mwana wanga wamkazi ku Thamesmead, kuno ku England, ndikungoyang'ana mabasi pa windo. Mwana wangayo ndi namwino, ndipo anaona kuti kukhala chabe kukundidwalitsa. Lamulungu lina titatuluka m'tchalitchi, anandikokera kwa mtsikana wina wometa tsitsi, wovala nsapato ngati za asilikali.

"Adadi akufuna kopita m'mawa," anatero mwana wanga. "Kwanu kuja kulibe kosesa?"

Mtsikanayo anabadwira kuno. Bambo ake anathawa kumudzi kalekale pa nkhani za ndale, koma anamulera mwa kwathu. Anapinda maondo pang'ono pondipatsa moni, dzanja lamanzere litagwira mkono wamanja. Chichewa chake chinali chodumphadumpha.

"Ndifunsa, ankolo. Koma ife ndife auve kwambiri. Mudzatidana."

Situdiyoyo inali m'nyumba yakale yosungiramo katundu, pakati pa Woolwich ndi Greenwich. Ndinkakwera basi yoyambirira, ndikutsegula ndi makiyi anga sikisi koloko, ndikuweruka naini. Ndinkasesa maofesi, khitchini ndi zimbudzi. M'chipinda chachikulu ndinkasesa pakati pokha, chifukwa m'mbali monse anagawamo ndi makatani akuda, ndipo pa katani iliyonse panali chikwangwani cha zilembo zofiira choletsa kulowa ndi kukhudza kanthu. Chikwangwanicho ndinachiwerenga ndekha tsiku loyamba, mawu onse. Ndikunena zimenezi chifukwa kuwerenga ndinaphunzira ndili ndi zaka makumi anayi, ku sukulu ya kwacha, ndipo mpaka lero sindidutsa cholembedwa osachiwerenga.

Ndinkadziwa kuti akupanga filimu ya zidole, ndipo ndinkaganiza kuti ndi zoseketsa ana. Patapita miyezi iwiri, mtsikana uja anabwera m'mawa kwambiri, anthu ena asanafike, ndipo anandikodola.

"Bwerani muone. Koma manja kumbuyo, ankolo. Musandiuzire munthu."

Ndinalowa kuseri kwa katani. Pa tebulo lalikulu panali chipinda chaching'ono, chotalika ngati mkono wanga. Makoma oyera. Makola a waya mizere iwiri, ena pamwamba pa anzake. M'khola lililonse munali galu wamng'ono ngati chibakera changa, ndipo pa chitseko chilichonse panali kakhadi kolowetsa m'kachitsulo. Ndinamva fungo la mankhwala okolopera, amene m'chipindamo munalibe. Ndinagwira mpando.

"Ndi agalu a mu labu," anatero. "Amawabaya matenda kuti ayesere mankhwala. Mu filimu muno akuthawa."

"Ngalande mwaiika polakwika," ndinatero. Pakamwa panangoyankhula pokha. "Imadutsa pakati, kuti madzi a mbali zonse azipita kumodzi."

Anandiyang'ana. "Munaziona kuti?"

"Ndinagwirako ntchito ya boma."

Sanafunsenso. Anandionetsa kagwiridwe ka ntchito yake. Galu aliyense anali ndi mawaya m'kati, ndipo mapazi ake ankawamanga ndi masikuluu kunsi kwa tebulo. Ankasuntha khutu pang'ono kwambiri, n'kujambula chithunzi, n'kusunthanso, n'kujambulanso. Tsiku lonse ankatha kupanga zimene munthu angaone m'kuphethira kuwiri kapena kutatu. Anati n'chifukwa chake kanthu kakasuntha pakati pa chithunzi ndi chinzake, ntchito ya masiku ambiri imapita pachabe. Anandiuzanso kuti anatha zaka zisanu ndi chimodzi akungoumba makutu ndi zikhatho za zidole za anthu ena, masitudiyo osiyanasiyana, makontirakiti a miyezi itatuitatu. Aka kanali koyamba kumupatsa gawo lakelake. Anati mafilimu otere ku England kuno ndi ochepa, anthu ake onse amadziwana, ndipo ukawononga kamodzi foni siiliranso.

Tsiku limenelo ndinatsika basi ku Woolwich m'malo mopitirira, ndipo ndinakhala pa benchi pafupi ndi msika mpaka masana.

Kale, ndili kwathu, ndinagwira ntchito pa malo ena a boma ofufuza matenda a ziweto. Tinali awiri m'nyumba ya agalu, ine ndi mnzanga wina wamtali amene anafika Sitandade Eyiti. Polembedwa ntchito ndinanama kuti ndimawerenga. Mnzangayo anazindikira sabata yoyamba, ndipo sanaulule. Ankandiwerengera makhadi a pa makola chapansipansi: uyu wabayidwa, uyu ayi, uyu asadye lero. Ine ndinkaloweza maonekedwe ake, khadi lopindika ngodya, khadi la dontho la inki.

Tsiku lina iye atatumidwa ku sitolo, ndinatsuka makola ndi paipi. Kuti makhadi asanyowe ndinawazula onse ndikuwaika m'thumba. Anali atsopano, olembedwa dzulo lake, onse oyera mofanana. Ndinawabwezera mongoganizira. Patatha milungu itatu madokotala anaona kuti zotsatira sizikugwirizana, ndipo ntchito ya chaka chonse inatayidwa. Anatiimika tonse awiri mu ofesi. Ntchito ya makhadi inali ya mnzanga. Atamufunsa anandiyang'ana kamodzi, kenako anayang'ana pansi. Ine ndinayang'ana khoma.

Masiku amenewo kuwononga ntchito ya boma sinali nkhani yongochotsedwa. Aboma anabwera kudzamutenga. Anabwerako patapita miyezi yambiri akukoka mwendo, nyumba ya pa ntchito atalanda kale, mkazi wake atabwerera kwawo ndi mimba. Ndinamuona kamodzi pa depoti ya basi. Ndinalowa m'golosale mpaka atadutsa. Chaka chotsatira ndinayamba sukulu ya kwacha, ndipo anthu ankanditama kuti ndine wakhama. Mnzangayo ndinadzamva kuti anamwalira.

Nkhaniyi ndinali ndisanauzepo munthu, ngakhale malemu mkazi wanga.

Kuyambira tsiku limene mtsikana uja anandionetsa, ndinayamba kulowa kuseri kwa katani yake m'mawa uliwonse ndili ndekha. Ndinkaima manja kumbuyo, ndikuyang'ana kakhadi kalikonse, khola ndi khola, kenako ndikupita kukasesa. Ndinkadziuza kuti kuyang'ana si kukhudza.

Lachiwiri lina, m'nyengo yozizira, ndinalowa monga mwa masiku onse. Galu wa khola lachitatu anali ataimirira ndi miyendo yam'mbuyo, zikhatho zili pa chitseko. Kachitsulo ka khadi lake kanali kopanda kanthu. Kakhadiko kanali m'munsi, kakulendewera m'malere, kopendekeka, ndipo ndinaganiza kuti kagwa n'kukodwa pa ulusi wa kangaude. Sindikukumbuka kuti ndinaganiza chiyani china. Dzanja linachoka kumbuyo, linatola kakhadi, linakabwezera m'malo mwake. Chimene ndinayesa ulusi wa kangaude chinali kawaya kowonda kwambiri, ndipo kanazuka. Pobweza dzanja, mkono wa jekete langa unakola chitseko. Ndinamva kaphokoso kakang'ono ngati kuthyoka kwa machesi. Galuyo anapendekera kumbali, mwendo umodzi uli lende.

Pamenepo m'pamene ndinamvetsa. Galuyo ankagwedeza chitseko, khadi linkagwa, ndipo mtsikanayo ankaligwetsa dala, pang'onopang'ono, chithunzi ndi chithunzi. Ndinayesa kumuimika galuyo ndi chala. Anapendekeranso. Ndinatuluka, ndinakoka katani, ndinakatenga mopu.

Mtsikanayo anafika cha m'ma eyiti. Ndinali ndikukolopa pafupi, ndipo katani sanaitseke yonse. Anayatsa magetsi. Anaima nthawi yaitali osagwedezeka. Kenako anawerama, anayang'ana kakhadi kali bwinobwino m'kachitsulo kake, ndipo anatembenuza mutu. Maso athu anakumana pa mpata wa katani. Anazula kakhadiko, anakaika m'thumba la buluku lake, n'kupita kukaitana bwana.

Bwana wa filimuyo anali mzungu wa tsitsi lalitali la imvi, amene akakwiya ankayankhula motsitsa mawu. Chingerezi ndimachimva akamayankhula pang'onopang'ono, ndipo tsiku limenelo ndinamva zonse. Anafunsa ngati mwendowo ungakonzeke pomwepo. Mtsikanayo anati ayi, waya wathyokera m'kati, galu ayenera kumasulidwa, ndipo gawolo liyambirenso. Masiku asanu ndi anayi. Bwanayo anamukumbutsa kuti anthu othandiza filimuyo ndi ndalama akubwera Lolemba kudzaona gawo lomweli, ndipo ngati sakhutira situdiyo yonse ikhoza kuima.

"Walowamo ndani?" anafunsa.

"Palibe," anatero mtsikanayo. "Ndiyenera kuti ndinagunda tebulo ndi chikwama dzulo potuluka."

"Sunatseke? Sunayang'ane?"

"Ndinali nditatopa."

Bwanayo anati gawolo alipereka kwa munthu wina, ndipo Lachisanu akhala pansi akambirane za kontirakiti yake. Ine ndinali ndikukolopa malo amodzi omwewo. Ndinkayang'ana khoma.

Lachitatu ndinamupeza m'khitchini ya ku situdiyo akudikira ketulo. Maso ake anali otupa.

"Mwadzuka bwanji, ankolo?"

"Mwanangu," ndinatero, "za dzulo zija..."

"Zisiyeni."

"Sizingasiyike."

"Ndati zisiyeni." Anayang'ana kukhomo, n'kutsitsa mawu. "Ndinakulowetsani ndine. Ndiye adadi akamva kuti ndachotsetsa ntchito munthu wamkulu ngati inu, ndikalowa pati kunyumba? Ku tchalitchi akandiyang'ana bwanji? Ine ndine mwana, ndipeza zina."

Ankadziwa kuti sapeza, ndipo inenso ndinkadziwa, poti anali atandiuza yekha. Anathira madzi m'kapu, anandipatsa tiyi ndi manja awiri, n'kutuluka. Chimene chinandiopsa n'chakuti mtima wanga unapepuka. Ndinamva kupepukako bwinobwino, monga ndinakumvera zaka zija nditatuluka mu ofesi ndili ndi ntchito yanga. Ndinamwa tiyi yense.

Lachinayi mwana wanga anali pa ofu. Anaphika mpunga ndi nkhuku masana, ndipo ine ndinkangosuntha chakudya m'mbale.

"Adadi, agalu a pulasitiki aja akulumani?"

"Ndakhuta."

"Mwakhuta chiyani? Mpweya? Dzulonso simunadye. Mukadwala ine sindikugonekani ku wodi yanga, mungandichititse manyazi ndi kukana mankhwala kwanuko."

Ndinamuuza za kakhadi ndi mwendo wa galu. Anayamba waseka, kenako ataona nkhope yanga anasiya.

"Iyeyo wanena kuti muzisiye?"

"Watero."

"Ndiye zisiyeni. Akudziwa anthu ake. Amukalipira basi, azungu amakalipa lero mawa aiwala. Inu akakuchotsani mubwereranso pa windo paja, ndipo ine sindikufuna kukuonaninso mmene munalili chaka chatha."

Pamenepo ndinamuuza za mnzanga wamtali uja. Ndinayambira pa bodza la tsiku lolembedwa ntchito mpaka pa golosale ya pa depoti. Ndinamuuza kuti nyumba imene mwana wangayo anabadwiramo, ya pa ntchito ija ya mtengo wa mapeyala, anatipatsa ife atamulanda mnzangayo. Mwana wanga anaika supuni pansi. Sanandiyang'ane.

"Amayi ankadziwa?"

"Ayi."

"Mwana wa m'mimba uja anabadwa?"

"Sindinafunse."

Anatenga mbale zonse ziwiri n'kupita nazo ku sinki. Anatsegula madzi, ndipo anakhala pamenepo nthawi yaitali osatsuka kanthu. Atabwera anaponya pepala ndi cholembera patsogolo panga.

"Lembani zimene mukanene. Chingerezi chanu chimathawa mukachita mantha."

Ndinalemba madzulo onse. Mizere isanu ndi umodzi yokha, koma ndinang'amba mapepala anayi. Iye anakana kundilembera. Anangokonza mawu awiri.

Lachisanu ndinamaliza kusesa naini isanakwane, ndinabweza mopu, ndinavula magolovesi. Ndinakhala pa mpando wa pakhomo pepala lili m'thumba. Kawiri konse ndinaimirira kuti ndizipita, ndipo ulendo wachiwiri ndinafika pa chitseko chakunja, ndikuona basi yanga ikubwera pa msewu. Mtsikanayo anali atalowa kale mu ofesi ya bwana. Ndinasiya basi idutse. Ndinagogoda, ndipo sindinadikire kuti andiyankhe.

Mtsikanayo atandiona anapukusa mutu pang'ono. Ndinayang'ana pepala lokha. Ndinawerenga kuti ndine amene ndinalowa kuseri kwa katani Lachiwiri m'mawa, ndine ndinabwezera khadi, ndine ndinathyola mwendo wa galu, ndipo mtsikanayu anasiya zonse zili bwino. Mzere wachinayi ndinauwerenga kawiri.

Bwanayo anafunsa mtsikanayo ngati zinali zoona. Iye anatulutsa kakhadi m'thumba n'kukaika pa desiki. Bwanayo anakayang'ana, kenako anatembenukira kwa ine. Anayankhula mofatsa, ngati akundipatsa njira.

"Chikwangwani cha pa katani chija, mumatha kuchiwerenga?"

Ndinaona mmene ankandionera: nkhalamba ya ku Africa yogwira mopu. Ndikanati ayi, akanandimvera chisoni, mwina akanadziimba mlandu yekha kuti sanandifotokozere bwino, ndipo Lolemba ndikanabweranso ndi makiyi anga. Kale ndinanama kuti ndimawerenga. Apa bodza lina linali litandikonzekera kale pakamwa.

"Ndimawerenga," ndinatero. "Ndinkachiwerenga tsiku lililonse. Ndinkalowa tsiku lililonse."

"Chifukwa chiyani?"

Izi sizinali pa pepala. Ndinanena m'Chingerezi changa chothyoka kuti ndinagwirapo ntchito m'nyumba ya agalu enieni, ndipo khadi likachoka pa khola munthu amavutika. Sindikudziwa ngati anamva. Anakhala akutembenuza kakhadi kaja ndi chala. Kenako anati pepani, koma sangasunge munthu amene amalowa kuseri kwa makatani, ndipo ndisiye makiyi. Ndinali nditawachotsa kale pa lamba.

Ndinatuluka, koma sindinapite. Ndinaima pa siteji ya basi m'mphepo, mabasi atatu anadutsa. Ndinkaopa kuti ndaipitsiratu zinthu, poti tsopano bwanayo anadziwa kuti mtsikanayo anamunamiza pofuna kundibisa. Patapita nthawi mtsikanayo anatuluka alibe jekete, manja atapinda pachifuwa.

"Ndinakuuzani muzisiye," anatero.

"Akuchotsa?"

"Anandikalipira ngati mwana. Ati ndikadzanamanso ndizipita." Anapukuta mphuno. "Gawo lija lapita, salibweza. Andipatsa lina, la akalulu. Kontirakiti ikhalapo mpaka filimu ithe."

Ndinakhala pa kabenchi kopendekeka ka pa siteji paja. Iye anali adakali wokwiya.

"Ndiye adadi ndikawauza chiyani?"

"Ndikawauza ndekha."

"Adzakupatsani tiyi, n'kudzandikalipira ine inu mutapita. Simuwadziwa." Anayang'ana ku msewu. "Basi yanu iyo, ankolo. Kwerani, mukuzizidwa."

Ndinabwerera pa windo. Mwana wanga anatha pafupifupi mwezi akundiyankhula zofunika zokha, za mankhwala ndi za chakudya. Kenako tsiku lina anandifunsa mudzi wa kwawo kwa mnzanga uja, ndipo ndinapeza kuti ndikukumbuka boma lokha. Analembera msuweni wake kumudzi kuti afunsefunse. Yankho silinabwere, ndipo pamene ndikulemba izi silinabwerebe.

Filimuyo inatha patapita zaka ziwiri. Mtsikanayo anagwira mpaka pa mapeto, kenako anaitanidwa ku situdiyo ina. Anatitumizira matikiti awiri. Mwana wanga anapita ndi mnzake wa ku ntchito, ndipo atabwera anati ngalande ija anaisuntha, ikudutsa pakati. Ine sindinapite.

Kakhadi kaja ndili nako. Mtsikanayo anandipatsa mu envulopu pa Lamulungu lina, kunja kwa tchalitchi. Nditafika kunyumba ndinavala magalasi, ndinapita nako pa windo pomwe pali kuwala, kuti ndiwerenge zimene analembapo za galuyo. Panalibe zilembo. Anangojambulapo timizere titatu ndi inki yakuda, kuti pa kamera tizioneka ngati mawu. Ndimakasunga m'chikwama cha mapepala anga, pamodzi ndi setifiketi ya sukulu ya kwacha.